MBIRI YA MALEMU LEVI ZILILO MUMBA

Pakati pa amuna amene anatsegula maso a anthu akuda m'dziko la Nyasaland, limene linachedwa Malawi m'caka ca 1964, dzina la Bambo Levi Zililo Mumba liyenera kukhala patsogolo. Iwo sanali mfumu, ndiponso analibe cuma cambiri. Zida zao zinali colembera, pepala, ndi mtima wodziwa kusonkhanitsa anthu obalalika kuti afune cinthu cimodzi.

A Mumba anali Mngoni wa ku Mpoto. Anaphunzira pa sukulu yaikulu ya Overtoun ku Khondowe, imene anaiyambitsa Dr. Robert Laws, ndipo anapambana bwino mayeso ao otsiriza m'caka ca 1903. Pambuyo pace anaphunzira za malonda ndi kasungidwe ka mabuku, kotero kuti m'caka ca 1905 anakhala munthu wakuda woyamba kuphunzitsa zimenezi pa sukulupo. Nchito imeneyi inawazoloweza kulemba zinthu mwa dongosolo ndi kulondola nkhani kufikira mapeto ace.

Masiku amenewo madandaulo anali ambiri m'midzi. Msonkho unali wolemera. Anyamata anali kuthera ku migodi ya ku Rhodesia ndi ku South Africa, ena osabweranso. Sukulu zonse zinali m'manja mwa mishoni. Ndipo m'Bungwe Lopanga Malamulo ku Zomba munalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe, pakuti wolankhulira eni dziko anali mmishonale. Munthu ali yense anali kung'ung'udza pa khonde pace, ndipo mau ace anali kuthera pomwepo. A Mumba anaona kuti dandaulo la munthu mmodzi Boma likhoza kulinyoza, koma kalata yolembedwa bwino m'dzina la anthu ambiri iyenera kuyankhidwa.

Pamene bungwe la North Nyasa Native Association linayambika ku Karonga m'caka ca 1912, iwo anasankhidwa kukhala mlembi wace. M'bungwemo munali aphunzitsi, makalaliki, ndi akulu a mpingo. Nkhani inali kukambidwa poyera, ndipo mfundo zogwirizana zinali kulembedwa ndi kutumizidwa kwa akulu a Boma. Maboma ena ataona ici anatsata njira yomweyo: Atonga anayambitsa West Nyasa Native Association m'caka ca 1914, Angoni anayambitsa Mombera Native Association mu 1920, ndipo pambuyo pace mabungwe ena anabadwa m'cigawo ca Pakati ndi ca Kumwera. Malamulo a mabungwe ambiri anali ofanana ndithu, cifukwa a Mumba ndiwo anathandiza kuwakonza. Potero anaphunzitsa anzao kuyendetsa okha misonkhano, osadikira kuti iwo akhalepo.

Koma maso ao anapenya patali kuposa boma limodzi. Anazindikira kuti mabungwe olankhula pa okha pa okha ali ngati nkhuni zomwazika, zimene sizipsetsa mphika. Cifukwa cace m'caka ca 1924 kunakhazikitsidwa ku Zomba komiti yoimira mabungwe onse a ku Mpoto, ndipo a Mumba anaitsogolera. Kumeneko, pafupi ndi maofesi a Boma, anacondelera kosalekeza kuti ana a m'dziko lino apatsidwe maphunziro apamwamba, ndi kuti anthu akuda amveke pa zinthu zokhudza moyo wao. Boma linawaika m'komiti yolangiza za maphunziro, momwe anali munthu wakuda woyamba. Sukulu ya sekondale ya ku Blantyre inatsegulidwa m'caka ca 1940, iwo akali ndi moyo.

Cimene anacilakalaka zaka zambiri cinacitika m'mwezi wa October 1944. Mabungwe a m'zigawo zonse anasonkhana ku Blantyre, kutsata kuitana kumene anakuyamba Bambo James Frederick Sangala caka capitaco, ndipo anakhazikitsa Nyasaland African Congress. Atumbuka, Atonga, Acewa, Ayao, Amang'anja, Alomwe ndi Angoni anakhala pansi monga ana a dziko limodzi, nasankha a Mumba kukhala Pulezidenti woyamba. Kusankhidwa kwa munthu wa ku Mpoto pa msonkhano wa ku Blantyre kunaonetsa kuti phunziro lao la umodzi linamveka.

Anakhala pa mpandowo miyezi itatu yokha, pakuti anamwalira m'mwezi wa January 1945, ndipo Bambo Charles Matinga analowa m'malo mwao. Bungwelo linapyola m'mabvuto ambiri, koma silinafe. M'caka ca 1949 anthu akuda awiri analowa m'Bungwe Lopanga Malamulo. Pamene Boma linaletsa Congress mu 1959, nchito yace inapitirira m'manja mwa Malawi Congress Party, kufikira dziko linalandira ufulu pa 6 July 1964.

A Mumba sanauone ufulu umenewo. Anagwira nchito zaka zoposa 30 m'misonkhano yaing'ono, polemba makalata amene mayankho ace anali kucedwa, ndi poyanjanitsa amuna osiyana mitundu ndi zinenero. Mtsogoleri wotere ayesedwa ndi zimene anzace akhoza kucita iye atacoka, ndipo pa muyeso umenewu Levi Zililo Mumba anapambana. Mlembi ali yense wosunga bwino buku la msonkhano, ndi membala ali yense wofika pa nthawi yace ndi kulankhulira anzace, ali kuyenda m'mapazi mwao.