GUNPEI YOKOI, MMISIRI WA MASEWERA

Kutali kum'mawa, kutsidya kwa nyanja zazikulu, kuli dziko la zisumbu lochedwa Japan. M'dzikomo muli mzinda wakale, dzina lace Kyoto, m'mene mafumu akulu anakhala zaka zoposa 1,000. Mumzinda umenewu, pa 10 September 1941, munabadwa mwana wamwamuna amene anamucha Gunpei Yokoi.

Atakula, Yokoi anaphunzira za magetsi pa Yunivesite ya Doshisha mumzinda womwewo, ndipo m'caka ca 1965 analowa nchito pa kampani ya Nintendo. Kampaniyo inayambika m'caka ca 1889, ndipo inali kupanga makadi osewerera okhala ndi zithunzi za maluwa, amene Ajapani amawacha hanafuda. Nchito ya Yokoi inali yaing'ono ndithu: kuyang'anira makina opanga makadiwo ndi kuwakonza akaonongeka.

Makina akamayenda bwino, mnyamatayo anali kusowa cocita, koma manja ace sanakonde kukhala cabe. Tsono anadzipangira dzanja loseweretsa la tizidutswa topingasa, limene linali kutambasuka ndi kukagwira cinthu ciri patali. M'caka ca 1966 mkulu wa kampani, Hiroshi Yamauchi, analiona dzanjalo. Mkulu wina akadamkalipira cifukwa ca kusewera pa nchito, koma Yamauchi anamlamula kuti alikonze bwino kuti likagulitsidwe m'masitolo. Analicha Ultra Hand, ndipo anagulitsa manja otere oposa 1,000,000. Kuyambira pamenepo Yokoi analeka kukonza makina, nakhala woganizira zoseweretsa zatsopano.

Tsiku lina ali pa ulendo m'sitima yaliwiro ya Shinkansen, anaona munthu wotopa ndi kukhala, alikungosindikiza mabatani a kamakina kowerengera masamu kuti nthawi ipite. Apaulendo ena sanasamale kanthu, koma Yokoi anazindikira kuti akulu omwe amafuna masewera, makamaka aang'ono olowa m'thumba. M'caka ca 1980 kanaturuka kamakina kochedwa Game & Watch, kokhala ndi sewero limodzi pagalasi pace, ndiponso koonetsa nthawi monga koloko. Pa kena ka timakina timeneti, m'caka ca 1982, anaikapo batani looneka ngati mtanda, kuti cala cacikulu cokha cizitha kuyendetsa kamunthu ka m'sewero kumwamba, pansi, kumanja ndi kumanzere. Batani lotere likupezekabe pa makina ambiri a masewera.

Yokoi anali ndi nzeru imodzi imene anaitsata moyo wace wonse. Amisiri ambiri amathamangira zipangizo zatsopano, koma iye anakonda zipangizo zimene anthu anazizolowera kale. Zotere nzochipa, zimapezeka msanga, ndipo zirema zace zonse zidadziwika. Cofunika ndico kuziganizira nchito imene wina sanaiganize. Magalasi a timakina ta masamu anali atacuruka ndi kutsika mtengo. Iye anawatenga, nawasandutsa bwalo la masewera. Mwana amene amatola mawaya otayidwa ndi kupanga galimoto amaidziwa nzeru yomweyi.

Analinso mphunzitsi wa anzace. Pamene mnyamata wojambula, Shigeru Miyamoto, anapatsidwa nchito yopanga sewero la Donkey Kong la 1981, Yokoi ndiye anamyang'anira ndi kumlangiza. M'sewero limenelo munaoneka koyamba kamunthu kolumpha kamene pambuyo pace kanachuka ndi dzina lakuti Mario. Gulu la amisiri limene Yokoi analitsogolera linapanganso Metroid m'caka ca 1986.

Nchito yace yoposa zonse inali Game Boy, imene inayamba kugulitsidwa ku Japan pa 21 April 1989. Galasi lace linalibe mitundu. Zithunzi zinali zakuda pamalo obiriwira. Makampani ena, monga Atari ndi Sega, anaturutsa makina a mitundu yowala, ndipo kunaoneka ngati Yokoi watsalira m'mbuyo. Koma makina okongolawo anali kudya mabatire asanu ndi limodzi m'maora owerengeka, pamene Game Boy inali kuyenda nthawi yaitali ndi mabatire anai okha, ndipo inali yochipa ndi yolimba. Anthu anasankha imene siinawasiye panjira. Game Boy, pamodzi ndi mng'ono wace Game Boy Color, anagulitsidwa oposa 118,000,000.

Komatu palibe mlenje amene amapha nyama tsiku liri lonse. M'caka ca 1995 kunaturuka makina ena a Yokoi ochedwa Virtual Boy. Wosewera anali kusuzumira m'kati mwace ndi kuona zithunzi zofiira zooneka ngati ziri ndi kuya. Ambiri anadandaula kuti maso ndi mutu zinali kuwapweteka, ogula anacepa, ndipo kampani inaleka msanga kuwapanga. Yokoi sanataye mtima. Anatsiriza Game Boy yaing'ono yochedwa Pocket m'caka ca 1996, ndipo caka comweco anacoka ku Nintendo atagwirako nchito zaka 31. Anayambitsa kampani yace, Koto, nayamba kupanga makina atsopano pamodzi ndi kampani ya Bandai.

Makinawo sanawaone atatha. Pa 4 October 1997 galimoto imene anakweramo inagunda lole pamseu waukulu wa Hokuriku. Ataturuka kuti aone cimene caonongeka, galimoto yina inamgunda, ndipo anamwalira ali ndi zaka 56. Anzace anatsiriza nchitoyo, ndipo makinawo anaturuka m'caka ca 1999 ndi dzina lakuti WonderSwan. Limodzi la masewera ace analicha Gunpey, kuti amkumbukire.

Ana inu, munthu amene anayamba ndi kukonza makina a makadi anasangalatsa ana a m'maiko ambiri. Zimene anagwiritsa nchito zinali m'manja mwa amisiri onse. Kusiyana kwace kunali kwakuti iye anapenyetsetsa ndi kuganiza.

Mafunso

1. Kodi nchito yoyamba ya Yokoi ku Nintendo inali yotani?
2. Anaona ciani m'sitima, ndipo anaphunzirapo ciani?
3. Nanga Game Boy inapambana bwanji makina a mitundu yowala?
4. Chulani cinthu cakale cimene inu mungacipezere nchito yatsopano.