Jigoro Kano, Mphunzitsi Amene Anayambitsa Judo

Jigoro Kano anabadwa pa 28 October 1860 ku Mikage, pafupi ndi Kobe, m'dziko la Japan, m'banja la anthu ofulula moŵa wa mpunga. Anali wanzeru m'kalasi koma wochepa thupi, ndipo anzake ankamzunza. Ichi ndicho chinamchititsa kufunafuna mphunzitsi wa jujutsu, luso lakale la ankhondo a ku Japan lomenyana popanda zida. Mu 1877 anayamba kuphunzira kwa Fukuda Hachinosuke mu mzinda wa Tokyo. Fukuda atamwalira mu 1879, iye anapitiriza kwa Iso Masatomo, kenaka kwa Iikubo Tsunetoshi.

Jujutsu inali ndi njira zoopsa zambiri monga kutosa m'maso, kumenya pakhosi ndi kuthyola mafupa. Pozimva, munthu angaganize kuti zimenezi ndizo zopulumutsa pa tsiku latsoka. Kano anaona mosiyana. Njira yotere siingayesedwe ndi mphamvu zonse pa mnzako wophunzira naye, pakuti ukampweteka lero, maŵa udzayesa pa yani? Motero ophunzira ambiri ankangoyerekeza, wina akumenya pang'onopang'ono, mnzake akugwa mwadala. Munthu wozoloŵera zotere akakumana ndi mdani wokana kugwa, thupi lake silidziŵa chochita.

Mu 1882 Kano anatsegula sukulu yake, Kodokan, m'kachisi wa Eishoji, m'chipinda cha mphasa 12 zokha, ndipo luso lake analitcha judo. Njira zoopsa zija sanazitaye, koma anazisunga m'maphunziro oyerekeza otchedwa kata. Pa kulimbana kwenikweni, kumene amati randori, anasiya kugwetsa, kupanikiza pansi, kukanyanga pakhosi ndi kupotola mkono, popeza pa izi wogonja amatha kugogoda pansi, mnzake n'kumsiya asanavulale. Apa wophunzira ankalimbana tsiku ndi tsiku ndi munthu wofunitsitsa kumgwetsa. Ndipo asanaphunzire kugwetsa ena, ankayamba waphunzira kugwa osaphwanya mutu, luso limene limathandiza ngakhale munthu woterereka pa matope.

Pasanathe zaka khumi, apolisi a ku Tokyo anali atayamba kulemba anthu a ku Kodokan kuti aziŵaphunzitsa. Mmodzi wa ophunzira a sukuluyi, Mitsuyo Maeda, anafika ku Brazil mu 1914 ndi kuphunzitsa Carlos Gracie, ndipo apo ndipo panachokera jiu-jitsu ya ku Brazil.

Komabe judo ya mpikisano ili ndi pofooka pake: simuli nkhonya, ndipo wachifwamba sabwera yekha kapena chimanjamanja. Kano sananyoze maluso ena. Mu 1922 anaitana Gichin Funakoshi kudzaonetsa karate ku Kodokan, ndipo mu 1930, ataona luso la Morihei Ueshiba, amene pambuyo pake anayambitsa aikido, anatumiza ophunzira ake kukaphunzira kwa iye. Kata yodzitetezera ku mpeni, ndodo ndi mfuti inakhazikitsidwa ku Kodokan mu 1956, mwini wake atamwalira kale.

Ntchito yake yeniyeni inali ya uphunzitsi: kwa zaka zoposa 20 anali mkulu wa sukulu yosula aphunzitsi ya ku Tokyo. Mu 1909 anakhala munthu woyamba wa ku Asia kuloŵa m'komiti yoyendetsa maseŵera a Olimpiki. Anamwalira ndi chibayo pa 4 May 1938 m'sitima ya pamadzi yotchedwa Hikawa Maru, akubwerera kwawo kuchokera ku msonkhano wa komitiyo ku Cairo. Judo inaloŵa mu Olimpiki mu 1964, ku Tokyo komweko.