Henrietta Leavitt, mayi amene anapeza muyezo wa kutalika kwa nyenyezi

M'nyengo yobzala, usiku kukakhala kopanda mwezi ndi mitambo ya mvula, yang'anani chakumwera kuchokera ku Angónia kapena ku Tsangano. Mudzaona timitambo tiwiri toyera. Timeneti ndi magulu a nyenyezi zosawerengeka, otchedwa Mitambo ya Magalhães pokumbukira Fernão de Magalhães, woyenda panyanja wa ku Portugal. Ntchito yaikulu ya mayi Henrietta Swan Leavitt inachokera m'timitambo timeneti.

Mayiwa anabadwa pa 4 Julayi 1868 ku Lancaster, m'dziko la America, ndipo bambo awo anali m'busa. Atamaliza maphunziro mu 1892, anayamba ntchito pamalo ounikira zakumwamba a ku Harvard. Kumeneko amayi sankagwira telesikopu. Ankangopatsidwa zithunzi zapagalasi kuti aziyeza kuwala kwa nyenyezi, ndipo a Leavitt ankalandira masenti 30 pa ola. Matenda anawagonthetsa makutu, koma ntchito sanasiye.

Pofananitsa zithunzi zojambulidwa ku Arequipa, m'dziko la Peru, anapeza nyenyezi 1,777 zomwe zimawala kwambiri kenako n'kuzirala, mobwerezabwereza. Analengeza zimenezi mu 1908. Mu 1912, atayeza bwino nyenyezi 25 za m'kamtambo kakang'onoko, anatsimikiza kuti nyenyezi yomwe imatenga masiku ambiri kuti ibwerezenso kuwala ndiyo yowala koposa.

Nyenyezizi zili pafupifupi pamtunda umodzi kuchokera kuno, monga moto wa m'makomo a m'mudzi umodzi wa tsidya la dambo: wooneka waukulu ndi waukuludi. Choncho ukawerenga masiku, umadziwa mphamvu yeniyeni ya nyenyeziyo. Ukafananitsa mphamvuyo ndi mmene ikuonekera mozirala, umadziwa kutalika kwake.

A Leavitt anamwalira ndi khansa pa 12 Disembala 1921, ali ndi zaka 53. Patangopita zaka ziwiri, Edwin Hubble anapeza nyenyezi yamtunduwu ku Andromeda, pogwiritsa ntchito telesikopu ya galasi la mamita 2.5. Muyezo wa mayiwa unasonyeza kuti Andromeda ndi gulu lina la nyenyezi, kunja kwa lathuli. Katswiri wa ku Sweden, Gösta Mittag-Leffler, anafuna kupereka dzina lawo kuti alandire mphoto ya Nobel, osadziwa kuti anatsikira kale kulichete.

Lero ku Chile akumanga telesikopu ya galasi la mamita 39, ndipo akatswiri akuyezabe thambo ndi muyezo wa a Leavitt.