Alvar Aalto, Mmisiri Amene Anamangira Munthu Wogona Chagada

Anthu onse amene amagwira ntchito yomanga chipinda amachiona ali chilili. Wojambula pulani, woyala njerwa, wopenta ndi woika magetsi, aliyense amayang'ana ataimirira, ndipo zikaoneka bwino m'maso mwake amati ntchito yatha. Koma wodwala amene adzakhale m'chipindacho miyezi isanu ndi umodzi amachiona ali chagada. Kwa iye siling'i ndiye khoma lalikulu, ndipo babu lija aliika pakatikati limamuthobwa m'maso usiku uliwonse. Mfundo yooneka yaing'onoyi ndi imene inatchukitsa Alvar Aalto, katswiri wojambula mapulani a nyumba wa ku Finland, amenenso ankapanga mipando, nyale ndi ziwiya zagalasi.

Aalto anabadwa pa 3 February 1898 m'mudzi wa Kuortane, dziko la Finland lidakali pansi pa ulamuliro wa mfumu ya ku Russia. Bambo ake anali woyeza malo, ndipo ali mwana banja lawo linasamukira m'tauni ya Jyväskylä. Kunyumba kwawo kunali tebulo lalikulu loyera limene bambo akewo ndi owathandiza ankajambulirapo mapu. Kamnyamatako kankasewera kunsi kwa tebulolo, kenaka katasinkhuka anakalola kujambula nawo pamwamba. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Mu 1916 anapita ku Helsinki kukaphunzira za mapulani a nyumba, koma maphunziro anadukiza chifukwa cha nkhondo yapachiweniweni ya mu 1918, imene iyenso anamenya nawo. Anamaliza mu 1921, ndipo mu 1923 anatsegula kaofesi kake ku Jyväskylä.

Mu 1924 anakwatira Aino Marsio, amene ankagwira ntchito muofesimo. Aino anali wamkulu kwa iye ndi zaka zinayi, ndipo anali atamaliza maphunziro omwewo chaka chimodzi iye asanamalize. Ndikunena izi msanga chifukwa nthawi zambiri nkhaniyi imakambidwa ngati ya munthu mmodzi, chonsecho kwa zaka 25 pa tebulo lojambulira pankakhala anthu awiri. Alvar anali wolankhulalankhula, wanthabwala, wodziwa kukopa eni ndalama. Aino anali wofatsa, wosamala miyeso, ndipo zambiri za m'kati mwa nyumba zawo zinkadutsa m'manja mwake.

Mu 1927 anasamukira ku Turku, ndipo mu 1929 anapambana mpikisano wojambula chipatala cha odwala chifuwa chachikulu ku Paimio, m'nkhalango ya paini pafupifupi makilomita 30 kuchokera mumzindawo. Ife lero tikamva za TB timaganiza za mapiritsi a miyezi isanu ndi umodzi. Nthawi imeneyo mankhwala kunalibe, poti streptomycin anamutulukira mu 1943. Chimene madokotala akanapereka chinali mpumulo, chakudya chabwino, dzuwa ndi mpweya wabwino. Odwala ankakhala m'chipatala miyezi, ena zaka, ndipo ambiri ankafera momwemo. Choncho nyumbayo inayenera kugwira ntchito imene mankhwala akanagwira.

Mwiniwake ankafotokoza kuti cha nthawi yomweyo anadwala n'kukhala chigonere, ndipo m'pamene anazindikira kuti chipinda chimene anagonamo anachikonzera munthu woimirira. Ku Paimio anayambira pa bedi. Chipinda chilichonse chinali cha anthu awiri. Siling'i anaipenta mtundu wofatsa, wosatopetsa maso. Nyale anaziika poti wogona asaone babu. Chotenthetsera chipinda anachiika kumwamba n'kuchilozetsa kumapazi, kuti miyendo izifunda koma mutu uzikhala wozizirira. Mazenera anawakonza mwakuti mpweya uzilowa popanda kuwomba wodwala mwachindunji. Aliyense anali ndi sinki yakeyake, ndipo sinkiyo anaiumba mopendekeka kuti madzi a pa mpopi azitsetsereka mwakachetechete, osachita phokoso lodzutsa mnzake amene wangopeza kumene tulo atatsokomola usiku wonse. Ngakhale zogwirira zitseko anazipinda kuti zisamakole mkono wa chovala cha dokotala kapena namwino. Polowera ndi pa masitepe anayalapo zachikasu, chifukwa kumeneko nyengo yachisanu dzuwa limangosuzumira maola ochepa. Kumapeto kwa nyumbayo ndi pamwamba pake kunali makonde aataliatali, kumene odwala ankagonekedwa panja atafunda mabulangete, akuyang'ana nsonga za mitengo.

Za sinkiyo ndimazikonda kuposa zonse. Palibe amene angajambule chithunzi cha phokoso limene silinamveke, ndipo palibe mlendo wolemekezeka amene anaombera m'manja sinki pa tsiku lotsegulira chipatalacho mu 1933. Amene anapindula nayo ndi wodwala wa pa bedi linalo, amene sanadziwe n'komwe kuti wina anamuganizira.

Ineyo nkhaniyi inandikhudza nditapita kukaonerera aphunzitsi akuphunzitsa pa sukulu ina. Anandikhazika pa desiki ya kumbuyo, kufupi ndi zenera. Ndinapeza kuti nthawi ya m'ma 10 koloko kuwala kunkagunda bolodi mwakuti theka la zolembedwa silinkaoneka, ndipo matchati okongola aja anawakhoma pamwamba poti mwana ayenera kukweza khosi kuti awerenge. Mphunzitsiyo sankadziwa, chifukwa iye kalasi amaiona ali kutsogolo, ataimirira. Ana a kumbuyoko ankangokopera kwa anzawo, ndipo ena mwa iwo ankawerengedwa kuti ndi aulesi.

Mipando ya ku Paimio inabadwa m'maganizo omwewo. Akatswiri otchuka a ku Germany nthawi imeneyo, monga Marcel Breuer, ankapanga mipando ya mapaipi achitsulo onyezimira. Aalto anaona kuti chitsulo chimazizira m'manja mwa wodwala, chimanyezimira mopweteka maso ndiponso chimachita phokoso. Dziko lake linali lodzaza ndi mitengo ya birch, ndiye iye ndi Aino anagwirizana ndi Otto Korhonen, mkulu wa fakitale ya mipando ya kufupi ndi Turku, n'kuyamba kuyesa kupinda matabwa. Anamata timatabwa topyapyala tambiri ndi guluu, n'kutipanikiza pa chikombole mpaka tigwire mpindo. Mu 1932 anatulutsa mpando wa Paimio, umene pokhalira ndi potsamira pake ndi thabwa limodzi lopindika, lopendekeka mwakuti wokhalapo chifuwa chizitseguka kuti apume mosavuta.

Chaka chotsatira anapeza njira yopindira mwendo wa thabwa lolimba. Ankacheka mipata ingapo kumapeto kwa thabwalo, n'kulowetsamo timatabwa topyapyala topaka guluu, kenaka n'kulipinda ngati chigongono. Mwendo wotero ankangoumanga ndi masikuluwu kunsi kwa thabwa lozungulira, popanda zolumikiza zovuta za ukalipentala. Umu ndi mmene kanabadwira kampando ka miyendo itatu kotchedwa Stool 60, kamene mukhoza kusanjikiza tambirimbiri pakona imodzi. Anakaonetsa ku London mu 1933, ndipo mpaka lero akukapangabe. Agulitsa mamiliyoni, osawerengera tongotengera timene makampani ena amapanga. Mu 1935 banjali pamodzi ndi Maire Gullichsen ndi Nils-Gustav Hahl linayambitsa kampani ya Artek yogulitsa mipandoyi, ndipo Aino ndiye ankayang'anira kapangidwe ka katundu wake, kenaka kuyambira 1941 anakhala mkulu wa kampani yonse.

Mu 1935 momwemo anamaliza laibulale ya ku Viipuri. Kumeneko munthu amene anamuganizira anali wowerenga atawerama pa buku. M'chipinda chachikulu chowerengeramo kuwala kumalowera m'mabowo ozungulira oposa 50 a padenga, akuya mwakuti dzuwa siligunda pepala mwachindunji ndipo mutu wa munthu suchita chithunzithunzi pa tsamba. Holo yochitiramo misonkhano ili ndi siling'i ya matabwa yoyenda ngati mafunde, imene cholinga chake chinali choti mawu a munthu wa kumbuyo azimveka ngati a amene ali kutsogolo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mzindawo unapita m'manja mwa Soviet Union, ndipo lero umatchedwa Vyborg. Laibulaleyo inakhala yonyalanyazidwa zaka zambiri mpaka anamaliza kuikonzanso mu 2013.

Kutchuka kunabwera mofulumira. Mtsuko wake wagalasi woikamo maluwa, wa milomo yokhotakhota, unapambana mpikisano mu 1936, ndipo anthu amaudziwa ndi dzina la Savoy. Matambula a Aino a mizeremizere, a mu 1932, analandira mendulo yagolide ku Milan mu 1936, ndipo akadali m'makhitchini ambiri a ku Finland. Anamangira banja la Gullichsen nyumba yapamwamba ya Villa Mairea, ndipo mu 1939 anakonza malo oonetserapo zinthu za dziko lake pa chionetsero cha ku New York. Nkhondo itatha anaphunzitsa pa MIT ku America, kumene anamanga hositelo ya ophunzira ya Baker House. Anaikhotetsa ngati njoka m'mbali mwa mtsinje wa Charles kuti zipinda zambiri zizionera mtsinjewo cham'mbali, m'malo moyang'anizana ndi msewu wa magalimoto. Amene timagona m'mahositelo tingamvetse kufunika kwa zenera limene lili ndi choti uone.

Aino anamwalira ndi khansa mu January 1949, Baker House isanatsegulidwe. Anasiya ana awiri. Zimene Aalto anamanga pambuyo pake n'zolemerera, za njerwa zofiira, monga maofesi a khonsolo ya Säynätsalo amene anatha mu 1952, ozungulira kabwalo ka udzu kokwezeka. Chaka chomwecho anakwatira Elissa Mäkiniemi, katswiri winanso wa mapulani wa muofesi yake. Awiriwa anamanga kanyumba kopumulirako pa chilumba cha Muuratsalo, ndipo makoma a bwalo lake anawagawa zigawo pafupifupi 50, chilichonse cha njerwa kapena matailosi a mtundu wake ndi kayalidwe kakekake, kuti aone zimene chisanu chidzaononge ndi zimene zidzapirire. Boti limene ankapitira kumeneko analipatsa dzina la Chilatini lonena za mneneri wosalemekezeka kwawo.

Dzinalo linkaoneka ngati nthabwala, koma m'zaka za m'ma 1960 linayamba kukwanira. Achinyamata a ntchito yomweyo ku Finland ankafuna nyumba zambiri zotsika mtengo zomangidwa mofulumira, ndipo ankamuona Aalto ngati nkhalamba yomangira mabanki ndi makampani akuluakulu. Likulu la kampani ya Enso-Gutzeit limene anamanga pa doko la Helsinki mu 1962 anthu analinyoza polifanizira ndi kachibenthu ka shuga. Mowa nawonso unamusowetsa mphamvu m'zaka zake zomaliza. Ndikuona kuti odzudzulawo anali ndi mfundo, ngakhale anaiwala msanga za Paimio. Holo yaikulu ya Finlandia, imene inatsegulidwa mu 1971, anaikuta ndi miyala yoyera ya mabo yochokera ku Carrara ku Italy, dziko limene analikonda chiyambire ulendo wake ndi Aino atangokwatirana. Miyala yopyapyalayo sinapirire chisanu cha ku Helsinki. Inayamba kupindika, anaichotsa n'kuika ina chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, koma nayonso inapindika. Zimandidabwitsa kuti munthu amene anayesa njerwa zigawo 50 pa khoma la nyumba yake, komanso anaganizira phokoso la madzi a mu sinki, analola kuti kukongola kwa mwala kumuiwalitse nyengo ya kwawo.

Chipatala cha Paimio chinasiya kukhala cha TB yokha mankhwala atagonjetsa nthendayo ku Finland, ndipo kuyambira m'ma 1960 anayamba kuchisandutsa cha matenda onse. Makonde ena aja anawatseka ndi magalasi. Mpando umene anaupangira odwala chifuwa lero uli m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi m'mabalaza a anthu olemera, pa mtengo umene wodwala wamba wa mu 1933 sakanaulota.

Aalto anamwalira ku Helsinki pa 11 May 1976 ali ndi zaka 78. Elissa anapitiriza kuyendetsa ofesi ndipo anamaliza ntchito zimene zinatsala pa mapepala, kuphatikizapo tchalitchi cha ku Riola ku Italy ndi nyumba ya zisudzo zoimba ya ku Essen ku Germany, imene inatsegulidwa mu 1988. Iye anamwalira mu 1994, ndipo anaikidwa ku manda a Hietaniemi, pamalo amodzi ndi Alvar ndi Aino.