Jack Trice, mnyamata amene anatsata mphunzitsi wake

Ku America kuli mpira wina wosiyana ndi umene timasewera kuno kwathu. Mpira wake ndi wooneka ngati dzira. Osewera amaunyamula m'manja n'kumathamanga nawo, a timu ina n'kumawagwetsa pansi. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 11. Mpira umenewu amaukonda kwambiri m'makoleji, ndipo kumeneko n'kumene kunachukira mnyamata wina dzina lake Jack Trice. Pa timu yaikulu ya koleji yake anangosewerako kawiri basi, koma mpaka lero dzina lake silinaiwalike.

Jack anabadwa pa 12 Meyi 1902 m'tauni yaing'ono ya Hiram, m'cigawo ca Ohio. Anali munthu wakuda. Bambo ake, a Green Trice, anamwalira iye akali mwana, ndipo analeredwa ndi amayi ake, a Anna. Atakulirapo, amayiwo anamutumiza ku mzinda wa Cleveland kuti akakhale ndi acibale n'kumaphunzira pa sukulu ya East Technical. Kumeneko anakumana ndi mphunzitsi wa mpira, a Sam Willaman.

A Willaman anaona kuti mnyamatayo ndi wamphamvu, wofatsa ndiponso womvera. Anamuika pamzere wakutsogolo, pamene osewera amakankhana cifuwa ndi cifuwa. Nchito ya pamenepo si yoombetsa m'manja ayi. Munthu amachinga adani kuti mnzake adutse ndi mpira, ulemu n'kupita kwa mnzakeyo. Jack anaigwira nchitoyo ndi mtima wonse.

Mu 1922 a Willaman analembedwa nchito yophunzitsa timu ya koleji ya Iowa State, m'tauni ya Ames. Anyamata angapo a ku East Technical anawatsatira, ndipo Jack anali mmodzi mwa iwo. Tangoganizani: kucoka ku Cleveland kukafika ku Ames ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 1,000. Ku Ames anthu akuda anali owerengeka, ndipo pa koleji imeneyo panalibe wakuda amene anasewerapo pa timu. Jack ndiye anali woyamba. Cinamulimbitsa mtima n'ciyani? Anali kumudziwa munthu amene anali kumutsata.

Moyo wa ku Ames sunali wophweka. Nthawi imeneyo tsankho linali ponseponse, moti Jack sanali kugona kumene ophunzira acizungu anali kugona. Anapeza cipinda m'tauni, ndipo anali kugwira maganyu kuti apeze ndalama. Anali ndi mkazi, dzina lake Cora Mae, amene anabwera kudzakhala naye. M'kalasi Jack anali kuphunzira kaweta ziweto. Colinga cake cinali cakuti akatsiriza, apite kum'mwera kwa America kukathandiza alimi akuda. Conco mpira sunali zonse kwa iye.

Caka coyamba anasewera ndi ophunzira atsopano anzake. Mu 1923 anakwezedwa kupita ku timu yaikulu. Masewero oyamba anali ndi koleji ya Simpson. Aciwiri anali aakulu ndithu: ndi yunivesite ya Minnesota, mumzinda wa Minneapolis, pa 6 Okutobala.

Usiku woti mawa lake ndi masewero, Jack anatenga pepala la hotelo ya Curtis n'kudzilembera yekha kalata. Analemba kuti ulemu wa mtundu wake, wa banja lake ndi wa iye mwini unali pa masewero amenewo. Analemba kuti anthu anali kuyembekezera zazikulu kwa iye, ndipo adzazicita, osasunga thupi lake. Kenako anadzikumbutsa za kasewero: kulimbana atawerama, maso ali pa mpira, kusamala ndi adani akamanamiza njira, ndi kukhala cheru nthawi zonse. Ukamawerenga mbali imeneyi, umacita kumva mwana wa sukulu akubwereza phunziro limene analisunga mumtima.

Masewero atangoyamba kumene, Jack anavulala fupa la paphewa. Pambuyo pake zinadziwika kuti fupalo linathyoka. Koma iye sanatuluke m'bwalo, anapitiriza kusewera. Masiku amenewo zodzitetezera zinali zocepa, ndipo cipewa cinali cacikopa cabe. M'gawo lacitatu mwa magawo anayi a masewero, Jack anadziponya pamiyendo ya adani kuti awachinge. Anagwa cagada, osewera a Minnesota n'kumuponda. Anamucotsa m'bwalo n'kupita naye ku cipatala. Minnesota inapambana 20 kwa 17.

Madokotala a ku Minneapolis anati angathe kuyenda ulendo, ndiye anabwerera ku Ames pa sitima pamodzi ndi anzake. Koma m'kati mwa thupi lake magazi anali kutayika. Pa 8 Okutobala 1923 Jack anamwalira, ali ndi zaka 21 zokha.

Tsiku lotsatira koleji inaimitsa maphunziro, ndipo anthu pafupifupi 4,000 anasonkhana pabwalo la sukulu kudzamulira. Kalata ija inapezeka m'thumba la jekete lake, ndipo inawerengedwa pamaso pa anthu onsewo. Mtembo wake unakaikidwa kwawo ku Hiram.

Kodi anamuponda dala cifukwa anali wakuda? Anthu akhala akutsutsana pa funso limeneli kuyambira kale. Ena amati linali dala, ena amati inali ngozi ya mpira. Cimene cinacitika n'cakuti pambuyo pa masewero a mu 1924, Iowa State sinasewerenso ndi Minnesota mpaka 1989, patapita zaka 65.

Kwa nthawi yaitali nkhani ya Jack inazirala. Koma m'zaka za m'ma 1970, pamene koleji inali kumanga bwalo latsopano la mpira, ophunzira anaifukulanso. Anapempha kuti bwalolo lichedwe dzina lake. Akuluakulu anazengereza, koma ophunzirawo sanatope. Ena anali kutsiriza sukulu n'kucoka, ena n'kubwera kudzapitiriza pempho lomwelo. Mu 1988 anaimika cipilala ca cifanizo cake. Mu 1997 bwalo lonse linachedwa Jack Trice Stadium. Pa mabwalo a makoleji akuluakulu a mpira umenewu, ndi lokhali limene lili ndi dzina la munthu wakuda.

Nkhani ya Jack ili ndi mbali ziwiri. Mbali ina ndi ya wophunzira. Jack anakhulupirira mphunzitsi wake, ndipo cikhulupiriro cimeneco cinamufikitsa ku koleji pa nthawi imene anyamata akuda ambiri analibe mwayi wotero. Mbali ina ndi ya akuluakulu. Mnyamata wa mtima ngati wa Jack sanena yekha kuti watopa kapena wapweteka. Amaopa kukhumudwitsa amene amamudalira. Ndiye pamafunika wamkulu woti amuyang'anitsitse n'kumuuza kuti apume. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Inu amene mumaphunzitsa ana, kaya m'kalasi kaya pabwalo la mpira, mwana akakukhulupirirani, ndiye kuti wakupatsani thupi lake ndi tsogolo lake kuti mumusungire.