David Livingstone, Wodwala Amene Sankasiya Buku

Ambiri timamudziwa David Livingstone ngati mzungu wolimbana ndi malonda a akapolo, koma sitikamba kawirikawiri kuti zaka zambiri za ulendo wake anayenda ali wodwala.

Anabadwa pa 19 Malichi 1813 ku Blantyre wa ku Scotland. Ali ndi zaka 10 analowa ntchito pafakitale yopota thonje, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, ndipo akaweruka ankapita kusukulu maola awiri. Pa malipiro ake oyamba anagulapo buku la galamala ya Chilatini. Ankaika buku pamwamba pa makina n'kumawerenga chiganizo chimodzichimodzi podutsa, chiphokoso chili m'makutu. Pofika zaka 16 anali akuwerenga Virgil ndi Horace, alakatuli akale a ku Rome. Luso lowerenga pakati pa zosokoneza analiphunzira pamenepo, ndipo linadzamuthandiza thupi litayamba kumukana.

Ku Africa matenda anamukakamira. Mu 1844 mkango unamuphwanya mkono wamanzere ku Mabotsa. Malungo ankamugwira mobwerezabwereza, kamwazi naye osamusiya, ndipo mkazi wake Mary anamwalira ndi malungo omwewo ku Shupanga mu 1862. Mu 1866 anadutsa kwa Mponda nakwera mapiri a Kirk, omwe ife a ku Kandeu ndi Ntcheu yense timawadziwa bwino. Patangopita miyezi yochepa, mu Januwale 1867, amtengatenga awiri anathawa ndi bokosi lake la mankhwala, kwinini yense ali momwemo.

Mu 1870 anafika ku Bambarre, m'dziko la Manyema ku Congo, mapazi ake atatuluka zilonda zonyeka. Kuyambira Julaye mpaka Okutobala sankatha kuyenda. Munthu wozolowera kuyenda mitunda anangokhala m'kanyumba, makalata ochokera kwawo osafika, mankhwala palibe. Chimene anali nacho ndi Baibulo, ndipo ali ku Manyema analiwerenga lonse kanayi. Wophunzira amene wayesapo kutsata ndondomeko yomaliza Baibulo m'chaka chimodzi, n'kutsakamira pa Levitiko, adziwa kulemera kwa nambala imeneyi. Zilondazo zinatenga nthawi yawo kupola. Kuwerengako kunangosunga mutu wake kuti usabalalike. Mapepala ndi inki zitatha, analemba zochitika za tsiku ndi tsiku pa nyuzipepala yakale ndi madzi a nthanga zakutchire.

Apa sitingamuyamikire pa zonse. Henry Stanley atamupeza ku Ujiji mu 1871 anamuchonderera kuti abwerere kwawo akachire, koma iye anakana, nalowanso m'madambo a Bangweulu akutaya magazi. Kumeneku kunali kuuma mutu.

Anamwalira pa 1 Meyi 1873 m'mudzi wa Chitambo ku Zambia, atagwada pambali pa bedi. Susi ndi Chuma anakwirira mtima wake pansi pa mtengo, nanyamula thupi mpaka kugombe la Bagamoyo, ndipo linaikidwa ku Westminster Abbey mu Epulo 1874.