Wendell Scott: Makaniko Amene Anamanidwa Chikho

Mnyamata amene amatsitsimutsa injini yakufa ya boti pa doko la Kachulu, kunyanja ya Chilwa, angamvetse msanga moyo wa Wendell Scott, munthu wakuda woyamba kupambana pa mpikisano waukulu wa liŵiro la magalimoto wa bungwe la NASCAR ku America. Pa mpikisano umenewu, magalimoto ooneka ngati amumsewu wamba amathamanga mozungulira bwalo maulendo mazanamazana.

Scott anabadwa pa 29 August 1921 mumzinda wa Danville, m'chigawo cha Virginia. Atate ake anali dalaivala ndiponso makaniko, kotero mwanayo anazoloŵera sipanala akali wamng'ono. Sukulu sanapite nayo patali. Anayamba wayendetsa takisi, ndipo pa Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse anatumikira ku Ulaya monga makaniko wa asilikali. Atabwerako anatsegula galaja, koma usiku ankazembetsa moŵa woletsedwa wonga kachasu, ndipo pothaŵa apolisi m'misewu yafumbi anaphunzira kuŵeta galimoto pa liŵiro loopsa.

M'chaka cha 1952 analoŵa m'mipikisano ing'onoing'ono. Masiku amenewo tsankho linali lamulo kumwera kwa America. Mabwalo ena ankam'bweza pachipata, oonerera ankam'tukwana, ndipo madalaivala ena ankam'gunda dala. Iye anapirira, ndipo mu 1959 anakhala katswiri wa chigawo chonse cha Virginia m'gulu lotchedwa Sportsman. Mu 1961 anakwera m'gulu lapamwamba la Grand National.

Kumeneko anzake ena ankathandizidwa ndi makampani a magalimoto, pamene iye ankagula magalimoto otha ntchito ndi zipangizo zimene ena anataya. Injini ankamanga yekha, ndipo ana ake aamuna ndiwo ankam'sinthira matayala. Anadziŵa bwino kuti fumbi ndiwe mwini.

Tsiku lake lalikulu linafika pa 1 December 1963 ku Jacksonville, m'chigawo cha Florida, pa bwalo ladothi lodzala maenje. Mpikisano unali wa maulendo 200. Scott, m'galimoto yake ya Chevrolet ya nambala 34, anatsogola mpaka kumapeto, koma mbendera ya chipambano inakupizidwira mzungu Buck Baker, amene anapatsidwanso chikho. Scott anadandaula, ndipo ataŵerenganso anapeza kuti anazungulira maulendo 202, aŵiri kuposa ofunika. Anam'vomereza patapita maola, khamu litabalalika kale. Ndalama za mphotho analandira, koma chikho sanachione. Ambiri amakhulupirira kuti akuluakulu a bwalolo anaopa chipoloŵe munthu wakuda akaima pambali pa namwali wachizungu wopereka chikho.

Chisalungamo chimenechi sichinam'gwetse mphwayi. Mu 1966 anakhala wachisanu ndi chimodzi pa madalaivala onse a chakacho. Pamodzi anathamanga mipikisano 495 ya gulu lapamwamba, ndipo pa 147 mwa imeneyi anatsiriza ali mwa khumi oyambirira. Ngozi yoopsa ya ku Talladega mu 1973 inam'vulaza kwambiri ndi kum'siya m'ngongole, ndipo chaka chomwecho analeka mipikisano nabwerera kugalaja yake. Anamwalira ndi matenda a khansa pa 23 December 1990.

Ulemu unam'peza ali kumanda. Mu 2015 dzina lake linalembedwa m'nyumba ya ngwazi za NASCAR, ndipo mu August 2021 banja lake linapatsidwa chikho cha mpikisano uja ku Daytona, patapita zaka zoposa 57. M'mwezi wa October chaka chomwecho, Bubba Wallace anakhala munthu wakuda wachiŵiri kupambana m'gulu lapamwambali.

Amene anam'mana chikho analephera kufafaniza maulendo amene anazungulira, pakuti anali olembedwa. Wosiya sukulu amene ali ndi luso m'manja mwake, ndi mphunzitsi amene amam'yang'ana ngati wolephera, onse aŵiri ali ndi phunziro m'moyo wa makaniko ameneyu.